Musanapachike chotulutsira utsi cha mkuwa m'khitchini mwanu

Ambiri amene akumanga nyumba m'matauni masiku ano sakubisanso khitchini kuseri. Khoma lolekanitsa khitchini ndi pabalaza likuchotsedwa, moti mlendo ali khale pampando amaona amene akuvundula nsima. Zikatero maso amafuna pokatera, ndipo amakatera pamwamba pa sitovu. N'chifukwa chake ndikulandira mafunso ambiri okhudza chotulutsira utsi, chija m'masitolo amachitcha cooker hood kapena extractor, makamaka chokutidwa ndi mkuwa chimene anthu akuchiona pa intaneti m'nyumba za ku America ndi ku Ulaya.

Chinthuchi n'chokongola ndithu, ndipo ine ndimachikonda. Koma ndiyambe ndi zimene ndinaona chaka chatha m'nyumba ina yatsopano. Eni ake anali atawononga ndalama zambiri pa chotulutsira utsi chofiirira, chonyezimira, chooneka ngati belu lalikulu. Nditakwera pa makwerero n'kusuzumira m'siling'i ndinapeza kuti paipi yake yathera momwemo, pansi pa malata. Miyezi yonse imene ankaphika, mafuta ndi nthunzi zinkangounjikana pa matabwa a denga ndi pa mawaya a magetsi. Matabwa anali akunanda m'manja. Zinandipweteka mtima, chifukwa banjali silinalakwe dala. Mmisiri anawapatsa chokongoletsa, iwo n'kumaganiza kuti agula chowateteza.

Choncho mvetsani izi poyamba: mkuwa ndi chovala chabe. Chimene chimagwira ntchito chili m'kati, ndicho fani, masefa ogwira mafuta, ndi paipi yotulukira kunja. Yambani mwasankha zimenezi, kenako mmisiri asokere chovalacho pa muyeso wake.

Mphamvu ya fani imalembedwa pa bokosi, ndipo imasonyeza kuchuluka kwa mpweya umene imakoka pa ola limodzi, m'ma cubic metre. Kawerengedwe kosavuta ndi aka. Yezani m'litali, m'lifupi ndi kutalika kwa khitchini, chulukitsani manambala atatuwo, ndipo yankho mulichulukitsenso ka 10. Khitchini ya mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.7 kupita m'mwamba ikupatsani 32.4, ndiye mufunika fani yosachepera 324 pa ola. Ngati khitchini yalumikizana ndi pabalaza, kwezani nambalayo ndithu. Kumbukiraninso kaphikidwe kathu. Nyemba zimabwata maola angapo, usipa ndi chambo timakazinga m'mafuta ambiri, zitumbuwa ndi mandasi chimodzimodzi. Fani yofooka singalimbane nazo.

Pa chifukwa chomwechi sindilimbikitsa mtundu uja wopanda paipi, umene umakoka mpweya, kuudutsitsa mu sefa ya makala n'kuubwezera m'chipinda momwemo. Umachepetsako fungo, koma nthunzi yonse imatsala, ndipo ikadzafika nyengo ya mvula nkhungu imamera kuseri kwa makabati. Amene akukhala m'nyumba ya lendi ku London kapena ku Johannesburg, kumene saloledwa kuboola khoma, angapirire nawo. Inu amene mukumanga yanuyanu, siyani bowo pakhoma njerwa zisanapakidwe pulasitala.

Paipi ikhale yachitsulo, yosalala m'kati, yotakata mamilimita 125 kapena 150 malinga ndi pakamwa pa fani yanu. Musaichepetse panjira. Ikhale yaifupi ndi yowongoka, chifukwa pokhota paliponse pamadya mphamvu ya fani ndipo pamasunga mafuta. Kunja kwa khoma ikani kachitseko kotseguka kokha mpweya ukamatuluka, kuti makoswe, mbalame ndi mphepo ya Julaye zisalowerepo. Ndipo fani ikamazungulira tsegulani zenera pang'ono: mpweya wotulukawo umafuna wina woulowa m'malo.

M'lifupi mwa chotulutsiracho musachepe kuposa sitovu. Pa sitovu ya masentimita 60, cha masentimita 70 kapena 90 chimagwira bwino utsi wothawira m'mbali. Kutalika kwake kuchokera pa sitovu, ambiri opanga zipangizozi amanena masentimita 65 pa sitovu ya magetsi ndi 75 pa ya gasi, koma tsatirani zolembedwa m'kabuku kobwera ndi fani yanu. Mukachitsitsa kwambiri masefa amafuta akhoza kugwira moto, komanso wophika azigunda mutu akamasuzumira mumphika. Mukachikweza kwambiri pofuna kuti mkuwa uoneke bwino, utsi umabalalika usanafike.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali nkhani ya moyo. Magetsi akathima, m'nyumba zambiri mbaula imalowa m'khitchini, ndipo munthu amaganiza kuti poti pali chotulutsira utsi palibe vuto. Koma fani nayonso imakhala itathima limodzi ndi magetsiwo. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire n'kumaliza ndi imfa. Ngakhale fani ikuyenda, zotulutsira utsi za m'nyumba sizinapangidwire makala kapena nkhuni. Mbaula ikhale pakhonde kapena m'khitchini ya panja yopita mphepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba. Dziwaninso kuti gasi wa m'masilinda ndi wolemera kuposa mpweya. Akamatayika amatsikira pansi, kumene chotulutsira chanu sichifika. Mukamva fungo lake tsekani silinda, tsegulani zitseko, ndipo musayatse switchi iliyonse, ngakhale ya fani yomweyo.

Tsopano tikambe za mkuwa.

Luso losula mkuwa wa m'khitchini lili ndi kwawo. Ku Mexico, m'chigawo cha Michoacán, kuli tauni ya Santa Clara del Cobre, kumene amisiri amasula mkuwa ndi nyundo pamanja, ndipo timaenje tating'onoting'ono timene mumaona pa masinki ndi zotulutsira utsi zambiri zogulitsidwa ku America ndi mapazi a nyundo zotere. Ku France, m'dera la Normandy, tauni ya Villedieu-les-Poêles yadziwika zaka mazanamazana ndi mapoto a mkuwa. Ife kuno mkuwa si mlendo. Pa Ingombe Ilede ku Zambia, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anafukula mitanda ya mkuwa imene makolo ankachitira malonda kalekale, ndipo mpaka lero migodi ya ku Chingola, Mufulira, Kitwe ndi Solwezi ikutulutsa mkuwa wopita dziko lonse lapansi. Koma zimenezi zisakupangitseni kuyembekezera mtengo wotsika. Mkuwa wa ku Zambia wambiri umatuluka m'dzikomo uli zidutswa zikuluzikulu zolemera zokasulidwira kwina, ndipo lata losalala lopyapyala limene mmisiri wanu akufuna nthawi zambiri limachita kuitanitsidwa kunja. Wina akabwera nalo pamtengo wongotaya, mufunseni kumene walitenga. Mkuwa ukubedwa kwambiri m'mathiransifoma ndi m'mawaya a magetsi, ndipo wogula ndi amene amadyetsa mchitidwewu.

Pogula samalani ndi mawu. M'Chichewa timati mkuwa ponena zitsulo zingapo: pali weniweni wofiirira, pali wachikasu wosakaniza ndi zinki, palinso wosakaniza ndi tini. Palinso zinthu zachitsulo wamba zongokutidwa pamwamba kapena zopakidwa penti ya mtundu wa mkuwa. Tengani maginito: mkuwa weniweni sugwidwa nawo. Komabe aluminiyamu nayenso sagwidwa, choncho pemphani kukanda pang'ono kuseri kosaoneka. Pakatuluka zoyera, si mkuwa. Weniweni ndi wofiirira mpaka m'kati, ndipo m'manja umalemera kuposa chitsulo cha kukula komweko.

Kukhuthala kwa lata ndi kumene amisiri ena amabisa phindu. Ogulitsa a ku America amalemba m'maaunzi, muyeso wa kulemera kwa lata: la maaunzi 16 ndi lokhuthala pafupifupi mamilimita 0.55, la 20 pafupifupi 0.7, la 32 limapitirira pang'ono milimita imodzi. Mkuwa ndi wofewa. Lata lopyapyala likatambasulidwa pamalo aakulu limachita mafunde, ndipo chigongono chimodzi chimasiya kadzenje. Langizo langa ndi lakuti musatsike pansi pa 0.7, ndipo ngati mwasankha limenelo likhale ndi chimango cholimba m'kati. Lata la milimita imodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 9 pa sikweya mita. Mukaphatikiza chimango ndi fani muona kuti ndi katundu wosafunika kupachika pa misomali kapena pa bolodi ya siling'i. Mabawuti alowe m'njerwa zootcha kapena m'konkire, osati m'matope a pakati pa njerwa.

Pali chinthu chimodzi chimene okhoma zidebe ndi owotcherera ambiri sanauzidwepo, chifukwa anazolowera malata wamba. Mkuwa ukagundana ndi chitsulo, lata la zinki kapena aluminiyamu pamalo pachinyezi, chitsulo chinacho chimadyeka msanga. Umboni wake ndi chiboliboli cha Statue of Liberty ku New York, chimene chinatsegulidwa mu 1886. Khungu lake ndi la mkuwa wokhuthala mamilimita 2.4, ndipo mkuwawo wapirira mphepo ya m'nyanja mpaka lero, koma nthiti zachitsulo za m'kati zinadyeka pamene zinkakhudzana nawo, mpaka pa ntchito yokonza ya pakati pa 1984 ndi 1986 anazichotsa n'kuika za stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri. M'khitchini mwanu nthunzi ya tsiku ndi tsiku ichita zomwezo. Uzani mmisiri agwiritse ntchito marivete ndi masikuluwu a mkuwa kapena a stainless steel, m'kati mwa chotulutsiracho muyalidwe stainless steel, ndipo chimango chikakhala cha chitsulo wamba chipakidwe penti bwinobwino kuti chisakhudzane ndi mkuwa. Paipi yodutsa padenga kapena kachipewa ka kunja zisakhale za mkuwa, chifukwa madzi a mvula otsika pa mkuwa amaboola malata. Polumikizira malata a chotulutsiracho pakhale popinda ndi pokhoma marivete. Sodala yofewa ija yomatira zidebe imasungunuka pa kutentha kochepa, mafuta akayaka mumphika singapirire.

Funso limene muyenera kugwirizana m'banja musanalipire ndi la mtundu. Mkuwa sukhala momwe mwaugulira. Watsopano umanyezimira ngati waya wosendedwa kumene, pakapita miyezi umayamba kuderako, kenako umafika pa mtundu wa khofi. Kubiriwira kumene kumaoneka pa chiboliboli cha ku New York chija kumachitika panja, pamvula, patapita zaka zambiri. M'nyumba mouma simudzakuona kawirikawiri. Mungathe kuusiya kuti ukalambe wokha, mungathe kuupukuta nthawi ndi nthawi kuti uzinyezimira, kapena mmisiri aupake vanishi yosaopa kutentha. Vanishi imasunga mtundu, koma ikayamba kusupuka pafupi ndi moto pamatuluka mawanga, ndipo kukonza kwake n'kuichotsa yonse. Ine ndimakonda wosiyidwa kuti ukalambe. Mbali yoyang'ana kuzenera imasiyana ndi ya kumthunzi, pamene manja amagwiragwira pamawala, ndipo pakatha zaka zisanu palibe nyumba ina imene ili ndi chofanana nacho. Ngati ndinu munthu amene kabanga kamodzi kamakusowetsani tulo, sankhani wosulidwa ndi nyundo, chifukwa timaenje take timabisa zala ndi zipsera.

Kuti chikhaledi pokatera maso, chisapikisane ndi zinzake. Khoma la kuseri kwake likhale lodekha: matailosi oyera, njerwa yosapaka, kapena penti yobiriwira moderako. Makabati a mbawa kapena mlombwa amagwirizana nacho, koma akakhala ofiira kwambiri mkuwa umasowa pakati pawo, ndiye siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri mbali zonse. Zogwirira makabati kapena mpopi zingakhale za mtundu wofananako, basi pomwepo. Mukawonjezera sinki, nyale ndi mapoto onse a mkuwa diso limatopa. Mababu akhale a kuwala kwachikasu, chifukwa oyera kwambiri aja amauchititsa kuoneka wotuwa. Ngati thumba silikulola kukuta chonse, gulani chotulutsira wamba chogwira ntchito bwino, kalipentala ndi womanga achizungulize ndi bokosi losagwira moto, n'kuika lamba wa mkuwa wa masentimita 10 kapena 15 m'munsi mwake. Kuchokera pabalaza lambayo yekha amakopa maso.

Za kutsuka muuze aliyense wa m'nyumba, kuphatikizapo amene amakuthandizani ntchito, chifukwa dzanja lozolowera kukwecha mapoto limafuna chilichonse chiwale. Pa mkuwa musagwiritse ntchito waya wokwechera mapoto, mchenga, phulusa kapena Jik. Madzi ofunda, sopo wa mbale pang'ono ndi kansalu kofewa zikwanira, kenako umitsani bwinobwino. Mandimu ndi mchere, viniga, tomato ndi bwemba zimayeretsa mkuwa nthawi yomweyo, zomwe ndi zabwino kwa wofuna wonyezimira, koma kwa amene wadikira zaka kuti udere, dontho limodzi limasiya chigamba chowala. Likagwerapo pukutani msanga, ndipo musadandaule kwambiri, pamabwerera pokha pakapita miyezi. Kawiri pachaka pakani phula la njuchi mopyapyala n'kupukuta ndi nsalu youma.

Zidutswa zikatsala, musalole mmisiri kukupangirani kapoto kapena chikho. Mkuwa wosakutidwa ndi tini m'kati ukakumana ndi zakudya zowawasa umatulutsa zobiriwira zovulaza m'mimba. Zisungeni zokonzera pamene padzaphwanyike.

Masefa a mafuta achotseni kamodzi pamwezi, kapena kawiri ngati mumakazinga tsiku lililonse, muwanyike m'madzi otentha a sopo. Pobwezera yatsani fani n'kuyandikiza kapepala kopyapyala pansi pa sefa. Kakamamatira, zonse zili bwino. Kakagwa, tulukani panja mukaone ngati kachitseko kaja kakutseguka, ndipo ngati sikakutseguka itanani mmisiri adzamasule paipi musanaphikenso zokazinga.