Kuchoka pa OR Tambo kuloŵa mu Joburg na Gautrain

Ndege yochokela ku Lusaka ikatela pa OR Tambo muzatulukila ku Terminal A. Mukatsiliza za pasipoti na kutenga vikwama, yang'anani m'mwamba zikwangwani zolembedwa Gautrain, ndiyo sitima yothamanga ya kuno, nozitsatila, osamvela aja amene akuitanani pakhomo ati taxi taxi. Sitesheni ili mukati mwa eyapoti momwemo, pamwamba pakati pa Terminal A na B, ngati katundu ni wambili kwelani lifiti.

Manje nkhani ikulu ni kalipilidwe. Mu sitima mulibe kondakitala wotolela ndalama, zonse ni pa geti. Mugula khadi ya Gautrain pa windo olo pa mashini, noikamo ma rand, kapena mungagwilitse nchito khadi yanu ya ku banki ya Visa olo Mastercard ija yongogusa chabe osaloŵetsa, koma funsani a banki anu mukali ku Zambia ngati imasebenza kunja kwa dziko. Gusani khadi pa geti poloŵa, geti itseguka, potuluka gusaninso khadi imodzimodziyo cifukwa mtengo amaŵelengela pamene mwatsikila. Munthu aliyense na khadi yake, simungapite aŵili pa imodzi. Ulendo wocokela pa eyapoti ni wodula kupambana wa masitesheni ena, osadabwa.

Sitima ya pa eyapoti imathela pa Sandton, ni mphindi 15 cabe. Panjila imaima pa Rhodesfield, apo khalani pansi, ma kochi a anthu a ku eyapoti satseguka pamenepo. Ngati mupita ku Midrand, Centurion, Pretoria olo Hatfield kumene kuli ma embasi ambili, tsikani pa Marlboro nokwela ina yopita kumpoto. Ngati ni Rosebank olo Park Station mukacinjila pa Sandton, osatuluka pa geti, mungosamukila pa pulatifomu ina. Sandton ili pansi pa nthaka kwambili, ma escalator ake ni atali, so wa vikwama vikulu afunefune lifiti.

Malamulo amawatsata zoona kuno. Kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu ni koletsedwa mukangopita pa geti, ndipo asekyuliti ali ponseponse, angakulipilitseni faini. Botolo ya madzi ikani mu chola mpaka mukatuluke.

Mukatsika, masitesheni ambili ali na mabasi a Gautrain ozungulila madela apafupi, nawonso salandila keshi, ni khadi yomweyo, koma ambili amayenda pakati pa sabata cabe, pa Ciŵelu na Sondo osawadalila. Pa Park Station ndiye pali mabasi a maulendo atali na basi ya Rea Vaya yopita ku Soweto, iyo ili na khadi yake yosiyana. Pamenepo anthu ni ambili maningi, foni ikani m'thumba musanatuluke panja, mapu yang'anilanitu mukali mukati.

Cina, Gautrain siyenda usiku wonse. Ngati ndege yanu ifika mocedwa onani nthawi ya sitima yotsiliza pa app yawo musananyamuke, ikakusiyani muzafunika Uber, Bolt olo galimoto ya ku hotela.