Kava ya foni ku Mulanje: kusankha, kuika galasi ndi kuteteza ku chinyezi

Foni ikagwa nthawi zambiri imafikira ngodya, ndipo mng'alu wa sikirini umayambira pomwepo. Choncho mukafika pa Chitakale kapena pa Limbuli kukagula kava, musayambe ndi mtundu wa maluwa ake. Tsinani ngodya zake zinayi: zikhale zochindikala komanso zofewa pang'ono. Kenaka valitsani foni, muigoneke chafufumimba patebulo. Mlomo wa kava uzitulukira pafupifupi milimita imodzi pamwamba pa sikirini ndi pa kamera, kuti galasi lisakhudze pansi. Ngati likukhudza, isiyeni.

Tengani foniyo pokagula. Tecno ndi Itel zili ndi mamodelo ofanana maonekedwe koma mabowo a kamera ndi a tchaja amasiyana. Dzina lenileni la modelo lili mu Settings, pa About phone. Lowetsani tchaja, dinani mabatani onse musanapereke ndalama.

Kava yofewa ya TPU (pulasitiki wopindika ngati labala) kapena silikoni ndiyo yabwino kwa wa kabaza ndi wogwira ntchito m'munda wa tiyi, chifukwa siterereka m'manja monyowa. Yapulasitiki wolimba imathetheka ikagwa. Yoonekera mkati imasanduka yachikasu ndi dzuwa, ndipo sopo sangaibwezere mwakale.

Galasi loteteza sikirini limakhala lochindikala pafupifupi mamilimita 0.3. Liikeni m'nyumba, osati pamsika pomwe fumbi likuuluka. Vulani kava, sambani m'manja, pukutani sikirini ndi kansalu konyowa ka m'paketi, kenaka kouma. Tinyatsi totsala tichotseni ndi kaselotepi. Matulani pepala la kumbali ya guluu, gwirani galasi m'mphepete, lilunjikitseni ku bowo la sipika ndi kamera, ndipo mulitsitse pang'onopang'ono. Dinani pakati kamodzi, guluu ayenda yekha. Mpweya wotsala ukankhireni kumphepete ndi khadi lokulunga m'nsalu. Kathovu kokhala ndi kadontho pakati ndi fumbi, sikachoka pokha. Tukulani ngodya ya galasi pang'ono, mutole fumbilo ndi selotepi. Mukavalitsanso kava, onani ngati sikukankha mphepete mwa galasi, chifukwa likatukuka pamenepo fumbi limalowa.

Chimene ambiri amaiwala kuno ndi madzi. Kava siteteza ku mvula, ndipo nthawi ya chiperoni, cha m'ma Juni ndi Julayi, chinyezi chimalowa pakati pa kava ndi foni n'kukhala momwemo masiku angapo. Pabowo la tchaja pamayamba dzimbiri, foni n'kumakana kutchaja. Mukanyowa panjira, vulani kava mukangofika, mupukute zonse ziwiri, ziume padera. Musatchaje pabowo pali ponyowa. Okwera phiri kudzera ku Likhubula ndi othyola tiyi aziika foni m'kathumba kapulasitiki kotseka ndi zipi, koma madzulo aziitulutsa kuti thukuta la m'kati liume. Ikagwera m'madzi, izimitseni msanga, chotsani SIM, mupite nayo kwa okonza. Mpunga sukoka madzi omwe alowa kale mkati.

Kamodzi pa sabata tsukani kava ndi madzi a sopo. Mchenga wobisala mkati umakanda msana wa foni. Ndalama ndi chitupa musamazipanikize kuseri kwa kava: zimasunga kutentha, ndipo foni ikabedwa zonse zapita. Foni ikamatentha potchaja, ivuleni. Kava ikayamba kukana kulowa bwino chonsecho kale imakwana, yang'anani msana wa foni. Ngati watukuka, batire yatupa, lekani kutchaja mpaka isinthidwe.