Duwa lomera mumtengo ili musalikwirire mdothi

Alimi anzanga kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, ambiri mwayamba kukonda maluwa pakhomo ndipo ena mukugulitsa kumene, ndiye ndati tikambirane za duwa lija limamera mphanda za mitengo, la chikasu lamadontho a bulauni, akatswiri amati Ansellia africana. Ndi la mtundu wa ma orchid, gulu limodzi ndi chikande chija amakumba mmadambo, kungoti chikande ndi cha pansi pomwe ili moyo wake wonse lili mmwamba. Timitengo take timaoneka ngati nzimbe zing'onozing'ono zounjikana, ndipo limatulutsa maluwa nyengo yachilimwe mvula isanabwere.

Vuto lomwe ndimapeza makomo ambiri ndi loti munthu akalipeza amathamangira kukatapa dothi la kudimba, kusakaniza ndi manyowa, kulikwirira mu chitini nkumathirira mmawa ndi madzulo ngati tomato. Posakhalitsa mizu yonse yaola, yada bii, masamba akuyoyoka. Mizu ya duwali imafuna mpweya. Mukaiyang'ana bwino ili mitundu iwiri, ina yonenepa yoyera imene imakakamira khungwa, ina yopyapyala imaloza kumwamba nkumakola masamba ogwa ndi fumbi, zimenezo zikamaola ndiye chakudya chake. Siliyamwa mtengo ayi, limangokhalapo, choncho musaope kuti mango anu auma.

Mbewu muipeze bwanji? Apa ndikupempheni ndithu, osakagwetsa maluwawa ku Chongoni, ku Mua-Livulezi kapena ku Dzonzi. Nkhalango zimenezi nzotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997, komanso duwali likuchepa kale mmaiko ambiri chifukwa chozulidwa ndi kudulidwa kwa mitengo, ndipo kulitulutsa kunja kwa dziko kumafuna chilolezo. Pemphani kwa mnzanu amene ali ndi tsinde lalikulu akugawireni, kapena mtengo wa mmunda mwanu ukagwa ndi mphepo pulumutsani lomwe linali pamenepo. Za njere iwalani, nzazing'ono kwambiri zongouluka ndi mphepo ndipo sizimera pa nazale wamba.

Pogawa dikirani November kapena December pamene mphukira zayamba kutulutsa mizu yatsopano. Wotchani mpeni pamoto, uzizire, kenako dulani gawo la timitengo tosachepera 4 kuphatikizapo mphukira imodzi, mukatenga kamodzi kokha kamavutika zaka osaphuka. Pabala pakani phulusa kapena makala osinja. Ndiye pezani mtengo wa khungwa lokhakhala, mango ali bhobho, mkuyu kapena mthethe, koma bulugamu ayi chifukwa amasenda khungwa ndiye mizu imagwera limodzi. Ikani paphanda pamene pamafika dzuwa la kummawa, mangani zolimba ndi nsanza ya chitenje kuti lisamagwedezeke, likamagwedezeka nsonga za mizu zimathyoka ndipo silingagwire. Waya amacheka, musiyeni. Mizu ikazungulira nthambi nsanza ija mutha kumasula, kaya ingoola yokha.

Amene mulibe mtengo, mphika wadothi wobowola pansi ndi mmbali ukwanira. Mkatimo makala, zidutswa za njerwa zowotcha ndi makungwa a paini ouma, zonse zikuluzikulu kuti madzi ukathira azingodutsa. Dothi olo pang'ono ayi.

Tsopano nkhani ya kuzizira, iyi ndiye yathu yeniyeni. Duwali limasangalala malo ofunda, a ku Golomoti, Mtakataka ndi chigwa cha Bwanje simuvutika kwenikweni. Koma pa Dedza boma tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo a ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano mukudziwa mmene June ndi July amachitira, chisanu chimawaula mpaka mbatata. Miyezi imeneyo chepetsani madzi kwambiri, kuwaza pang'ono pakatha masabata awiri basi, dzuwa litakwera, kuti pofika usiku pakhale pouma. Kuzizira kukakumana ndi chinyezi ndipomwe limaola. Za mmiphika zilowetseni pakhonde usiku, za mumtengo kutani ndi thumba usiku womwe kumwamba kwayera mbee kopanda mphepo. Kuuma kwa nyengo imeneyi kumathandizanso kuti lidzaphuke, ndiye musalimvere chisoni mukaona timitengo tachita makwinya pang'ono.

Feteleza wa chimanga musamwaze pamizu, amaotcha. Viikani ndowe zouma pang'ono mu ndowa, sefani, sungunulani mpaka madzi angosintha mtundu pang'ono, muzithirako nthawi ya dzinja yokha pamene likukula. Masamba akabiriwira kwambiri koma maluwa osabwera ndiye kuti mthunzi wachuluka, sadzirani nthambi zapamwamba. Tizilombo toyera tija timabisala mmakwalala a masamba tipukuteni ndi kansalu konyowetsa mmadzi a sopo, ndipo nkhono muzizitola madzulo chifukwa zimadya nsonga za mizu. Gawo lomwe mwabzala chaka chino lingatenge zaka 2 kapena 3 kuti lionetse maluwa, ndiye musalisunthesunthe, lisiyeni pomwe mwalimangapo.