Kusintha mapulopela a DJI Mini 2

Mwafunsa chochita popeza drone yanu ya DJI Mini 2 (kandege kakang'ono kouluka popanda munthu m'katimo) ikunjenjemera chigundireni nthambi. Choyamba chotsani batire, chifukwa mota ikazungulira mwadzidzidzi ikuchekani zala. Kenako yendetsani chala m'mphepete mwa phiko lililonse la mapulopela (mapiko ozungulira amene amaulutsa drone). Likakhala ndi mng'alu, lopindika kapena lobenthuka, litayeni. Musalimate ndi guluu ayi: limalemera mbali imodzi, ndipo likhoza kuthyoka drone ili m'mwamba.

Sinthani mapiko onse awiri a mota imodzi pamodzi, ndi masikuluu atsopano. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza: mapulopela okhala ndi chizindikiro amapita pa mota ya pa mkono wa drone wokhala ndi chizindikiro, opanda chizindikiro pa mota ya pa mkono wopanda. Mukawasinthanitsa, drone imagubuduka ponyamuka. Mangani masikuluuwo mokwanira osapyola muyeso, pukutani fumbi pa mota, ndiye muulutse droneyo kaye chapansipansi uku mukumvetsera ngati phokoso lachilendo latha.