Miyendo ikayamba kufooka pambuyo pa opaleshoni kapena kuvulala m'mutu: zoyenera kuchita

Munthu wagwa pa kabaza ku Ndirande, wavulala m'mutu, wagonekedwa mpaka kutuluka. Kapena wachitidwa opaleshoni ndipo bala likupola bwinobwino. Patapita sabata imodzi kapena zingapo akuyamba kumva dzanzi kumapazi, patapata ikumuvuka iye osazindikira. Posakhalitsa akulephera kudzuka pampando. Achibale ambiri amati ndi kufooka kwa matenda chabe, ena amathamangira kwa sing'anga. Mwina ndi Guillain-Barré, matenda amene madokotala a ku France anawalongosola mu 1916. Chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga mitsempha yotumiza mauthenga kuminofu. Nthawi zambiri amabwera munthu akangochira chimfine kapena kutsekula m'mimba, koma mwa apo ndi apo amatsatira opaleshoni kapena ngozi.

Choyamba, onani mmene kufookako kukuyendera. Sitiroko imagwira mbali imodzi, mwadzidzidzi. Guillain-Barré amagwira mbali zonse ziwiri, kuyambira kumapazi, n'kumakwera kumawondo, m'manja, nthawi zina mpaka kumaso. Lembani tsiku limene dzanzi linayamba ndi pamene lafika m'mawa uliwonse.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pogona nkhani, yesani mpweya. Muuzeni akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga mokweza mpaka 20. Akathera panjira, akamatsamwa ndi phala, kapena akamalephera kudzutsa mutu papilo, musadikire kuti kuche. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa odwala 100, pakati pa 20 ndi 30 minofu yopumira imafooka, ndipo ena amafunika makina owathandiza kupuma. Ngakhale akupuma bwino, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kuno ku Blantyre chipatala chachikulu ndi cha Gulupu, Queen Elizabeth Central Hospital.

Chachitatu, nyamulani buku lake la kuchipatala, ndipo muuze dokotala mwatchutchutchu tsiku la opaleshoni kapena la ngozi. Ngati ndi mwana wosakwana zaka 15, azaumoyo adzatenga chimbudzi chake kuti akapime poliyo. Imeneyo ndi ndondomeko, musadabwe.

Akapempha kutenga madzi a pamsana, musakane. Ndikudziwa kuti ambiri timaopa jakisoni ameneyu, timati amapha. Kawirikawiri sapha, kungoti nthawi zambiri amaperekedwa kwa anthu odwala kale kwambiri. Madziwo akapezeka ndi mapuloteni ochuluka koma maselo ochepa, dokotala amapeza poyambira. Mankhwala odziwika ndi IVIG (mapuloteni a chitetezo cha m'thupi operekedwa m'diripi) ndi kusefa madzi a m'magazi, okwera mtengo onse, choncho funsani zimene zilipo. Musagule mankhwala a prednisolone pafamase, sathandiza matendawa.

Ntchito yotsala ndi ya gadiyani, ndipo ndi yaikulu. Mutembenuzeni wodwala maola awiri aliwonse, usiku womwe, kuti asatuluke zilonda pamatako ndi kuzidendene. Mudyetseni atakhala tsonga, pang'onopang'ono. Mpindeni ndi kumuwongola mawondo, zigongono ndi zala tsiku lililonse, ndipo muike pilo kumapazi kuti mapaziwo asalendewere. Muzicheza naye, chifukwa mutu wake uli bwinobwino ndipo akumva zonse zimene mukunena pambali pa bedi.

Matendawa amafika pachimake mkati mwa masabata 4, kenako mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono, kwa miyezi, ena kupitirira chaka. Ambiri amayendanso. Musanatuluke m'chipatala pemphani kalata ya mafizo, ndipo funsani za Kachere Rehabilitation Centre, yomwe ili konkuno ku Blantyre.