Momwe mungagulire sleeping bag ya nthenga motchipa musanakwere Mulanje

Anthu ambiri okonzekera kukwera phiri la Mulanje koyamba amaika mtima pa nsapato ndi chikwama, za chofunda amadzazikumbuka tsiku lonyamuka. Mapeto ake amanyamula bulangete la kunyumba, lolemera, lodya theka la chikwama, ndipo likanyowa ndi chiperoni ntchito yake yatha. Pamwamba paja mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu m'mawa. Kuzizira kwa ku Chisepo, kanyumba kamene anthu amagona akamapita pa nsonga ya Sapitwa yotalika mamita 3,002, n'kosiyana kwambiri ndi kwa ku Blantyre. Ku Chelinda pa Nyika n'chimodzimodzi.

Chofunda choyenera ulendo wotere ndi sleeping bag ya nthenga, thumba logonamo lomwe pa kansalu kake amalemba kuti down. Mkati mwake mumakhala nthenga zofewa za pachifuwa ndi pamimba pa bakha kapena tsekwe, zopanda kamtengo pakati. Limapepuka, limapindika n'kukhala kakang'ono m'chikwama, ndipo losamalidwa bwino limatha zaka zoposa khumi. Vuto ndi mtengo basi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, latsopano lochokera kunja si la aliyense. Koma lilipo lotchipa, bola mudziwe pofufuza ndi poyang'ana.

Choyamba: dziwani manambala musanatuluke pakhomo

Thumba labwino limakhala ndi manambala atatu a kuzizira: Comfort, Limit ndi Extreme. Manambalawa amachokera ku muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 13537, womwe kenako unalowedwa m'malo ndi ISO 23537. Inu yang'anani Comfort yokha, chifukwa ndiyo ikukuuzani kuzizira komwe mungagone tulo tabwino. Extreme ndi nambala yongoti simufa msanga, ndipo ndi imene ogulitsa amakonda kukuwerengerani chifukwa imaoneka yochititsa chidwi. Wina akakuuzani kuti "iyi ndi ya minus 15 bwana," mupempheni akusonyezeni pamene palembedwa.

Pa Mulanje nyengo yozizira funani Comfort ya pakati pa 0 ndi 5 digiri ngati mukagona m'tinyumba tija, monga Chambe, Lichenya, Thuchila kapena Sombani, momwe mumakhala moto. Ngati mukagona mu tenti, kapena ndinu munthu womva kuzizira msanga, tsikani mpaka pa 0 kapena pansi pake pang'ono.

Chenjerani ndi matumba ochokera ku America, omwe amapezeka m'mabelo a kaunjika. Ambiri amalembedwa mu Fahrenheit. Mukaona 30 musaganize kuti ndi la chilimwe, ameneyo ndi pafupifupi minus 1 mu muyezo wathu, ndipo 20 ndi pafupifupi minus 7. Mavenda ambiri sazidziwa izi, ndiye thumba lamphamvu limatha kugulitsidwa pa mtengo wa chofunda cha ana.

Nambala ina ndi ya fill power, yosonyeza mmene nthenga zimafufumira: 550, 650, 700, 800. Ikakwera, thumba limapepuka pa kutentha komweko, mtengo nawo n'kukwera. Pa maulendo athuwa 600 kapena 650 yakwana, musavutike ndi 800. Muonanso 80/20 kapena 90/10, kutanthauza kuchuluka kwa nthenga zofewa poyerekeza ndi nthenga wamba. Ikatsika kufika 50/50, lisiyeni.

Chachiwiri: kogula ndi nthawi yogula

Njira zilipo zitatu. Yotchipa kuposa zonse ndi kaunjika. Ku Limbe, ku Tsoka ku Lilongwe, ku msika wa Mzuzu, pitani kwa ogulitsa mabulangete, maduveti ndi makatani, osati kwa a zovala, chifukwa matumbawa amabwera m'mabelo a zofunda. Pezani venda mmodzi, musonyezeni chithunzi cha chomwe mukufuna, musiyireni nambala, mumuuze kuti akuimbireni tsiku lotsegula belo. Kandalama ka yuniti komwe mungamupatse sikapita pachabe. M'masitolo a DAPP namonso muzisuzumira mukamadutsa. Gulani mu Okutobala kapena Novembala, dzuwa likuswa mtengo, pamene palibe akufuna chofunda. Mu Meyi mtengo wake umakhala wina.

Njira yachiwiri ndi South Africa. Kumeneko kuli matumba a K-Way omwe amagulitsidwa ku Cape Union Mart, a First Ascent, komanso a Forclaz ku Decathlon. Mitengo imatsika nyengo yozizira ikamatha, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndiponso pa Black Friday kumapeto kwa Novembala. Ngati muli ndi m'bale ku Joni, mutumizireni dzina lenileni la thumbalo ndi chithunzi, kuopa kuti angakugulireni la poliyesitala poona kuti ndi lotchipa. Powerengera ndalama musaiwale wonyamula katundu ndi msonkho wa pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, chifukwa kutchipa kwina kumathera pamenepo. Amene ali ndi abale ku UK, kumeneko anthu amagulitsa matumba ogwiritsidwa ntchito kamodzi kapena kawiri, ndipo thumba lotere silidya malo mu sutikesi ya munthu wobwera pa Khirisimasi.

Njira yachitatu ndi ogulitsa a pa intaneti konkuno. Alipo achilungamo, makamaka alendo ndi ogwira ntchito m'mabungwe amene akubwerera kwawo n'kumagulitsa katundu. Koma akamberembere nawo ali momwemo. Chithunzi amachotsa pa tsamba la kampani, mtengo amaika wokopa, kenako "tumizani kaye theka pa foni, katundu akwera basi ya madzulo." Musatumize.

Chachitatu: kuliyeza thumba lisanakhale lanu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ine ndinapwetekedwa. Ndinagula thumba kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, dzina la kampani yodziwika litasokedwa bwinobwino, nsalu yowala, zipi yoyenda. Linafika litakanikizidwa m'kathumba kake kakang'ono, ndipo mwini wake ananditsimikizira kuti langogonedwamo pang'ono. Usiku wa ku Thuchila mu Julayi ndi umene unaulula zoona. Kumapazi kunkatentha ndithu, koma pachifuwa ndi pamsana mphepo inkalowa ngati ndafunda chitenje. Nditapapasa ndinapeza kuti m'zigawo za pachifuwa munalibe kanthu, nsalu ziwiri zikungokhudzana, nthenga zonse zitaundana m'makona n'kukhala timibulu tolimba. Thumbalo linachapidwa ndi sopo wa ufa, silinaumitsidwe bwino, kenako linasungidwa chokanikiza nthawi yaitali. Ndinachezera pamoto nditavala jekete, alonda a kanyumbako akundiwonjezera nkhuni, ndipo m'mawa mwake miyendo inalibe mphamvu zokwerera.

Ndiye chitani motere, ngakhale wogulitsa akuonetse nkhope yotopa.

Litulutseni m'kathumba kake, likutumuleni mwamphamvu, liyaleni pansi kapena pa benchi, mulisiye kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Pitani mukaone zina, mubwerenso. Thumba lamoyo limadzuka lokha, limafufuma mpaka kuoneka lonenepa. Likangokhala phwatalala mmene munalisiyira, nthenga zake zatopa, ndipo palibe kuchapa kumene kungazibwezere mwakale ngati zinathyoka.

Kenako tsegulani zipi yonse, litambasuleni mulozetse kudzuwa, inu muime kumthunzi kwake. Nsalu za matumbawa ndi zopyapyala, kuwala kumadutsa. Thumba la nthenga limasokedwa m'zigawo zopingasa, ndipo chigawo chilichonse chiyenera kuoneka chodera mofanana kuchokera mbali ina kufika ina. Mukaona malo owala mbee, pamenepo mulibe nthenga, ndipo ndi pomwe mphepo idzalowere. Yang'anitsitsani zigawo za pachifuwa ndi m'chiuno, ndi zimene zimayamba kutha. Ngati nthenga zangosunthira mbali imodzi koma zili zofewa, si vuto, mukhoza kuzibweza pomenyamenya ndi manja. Ngati zikuyenda kuchoka chigawo china kulowa china, ndiye kuti kansalu kolekanitsa mkati kanang'ambika, ndipo kukonza kwake n'kovuta ngakhale kwa telala waluso.

Tsinani ndi zala m'malo osiyanasiyana. Nthenga zabwino zimathawa pakati pa zala, mumangomva ngati mulibe kanthu, mukasiya zimabwerera. Mukamva timitengo tambiri tobaya, mwadzaza nthenga wamba za mtengo wotsika. Mukamva chinthu chathyathyathya chogwirana ngati cha mu duveti, chosasuntha, ameneyo ndi poliyesitala, kaya kunja alemba zotani. Matumba achinyengo okhala ndi mayina a makampani otchuka alipo ambiri.

Funani kansalu koyera ka mkati, kawirikawiri kamakhala kumapazi kapena m'mbali mwa zipi. Kamalemba padera za nsalu ya kunja ndi za zomwe zili mkati. Kuona nylon kapena polyester pa mzere wa nsalu ya kunja kusakuopseni, ndi mmene amapangira onse. Mzere wofunika ndi wa Fill kapena Filling, pamenepo payenera kulembedwa duck down kapena goose down. Kansaluko kakadulidwa, funsani chifukwa chake, ndipo mtengo utsike.

Pomaliza lowetsani mphuno mkati, kumutu ndi kumapazi. Fungo la thukuta kapena la mankhwala a m'belo limachoka pochapa. Fungo la chuku silichoka, ndipo timadontho takuda pansalu ya mkati ndi chizindikiro choti nthenga zinayamba kuola. Limenelo ngakhale akupatseni mwaulere, musatenge, mudzangodwala nalo chifuwa.

Musachite manyazi kulowamo pamsika pomwepo. Anthu aseka, koma thumba lalifupi limakanikiza nthenga kumapazi, ndipo lalikulu kwambiri limasiya mpata woti thupi lanu livutike kutenthetsa. Kokani chingwe cha kumutu muone ngati chikutseka bwino kuzungulira nkhope.

Chachinayi: kunenerera

Zolakwika zing'onozing'ono ndi zimene zimakutsitsirani mtengo, ndiye muzitchule mokweza. Kabowo kotulutsa nthenga kamatsekeka ndi kachigamba komata, musasoke ndi singano yaikulu chifukwa mabowo a singano nawo amatulutsa nthenga. Zipi yomasuka nthawi zambiri vuto limakhala kamutu kake, ndipo okonza zikwama pamsika amasintha ndi ndalama yochepa. Kusowa kwa kathumba kosungiramo si nkhani. Koma musaonetse kuti mwalikonda. Venda akaona maso anu akuwala, mtengo wakwera kale. Funsani kaye mtengo wa bulangete lili pambali, kenako mufunse wa thumbalo mongodutsa.

Chachisanu: kuchapa

La kaunjika lichapeni musanagonemo. Madzi ofunda pang'ono m'bafa kapena m'beseni lalikulu, ndi sopo wochapira nthenga monga Nikwax Down Wash ngati mwamupeza. Akasowa, sopo wamadzi wofatsa pang'ono chabe. Sopo wa ufa ayi, mankhwala ofewetsa zovala ayi, kokachapitsa ma suti ayi, zonsezi zimaononga nthenga. Kanikizani ndi manja, osapotokola, tsukuluzani mpaka thovu litatha. Ponyamula lonyowa ligwireni lonse pansi, likalendewera kulemera kwa madzi kumang'amba zigawo za mkati. Liyanikeni chogoneka pamalo opita mphepo, muzilitembenuza ndi kumwaza timibulu ndi zala. Zimatenga masiku angapo, n'chifukwa china chogulira mu Okutobala. Amene ali ndi makina oumitsira aike pa moto wochepa ndi mipira ya tenisi iwiri kapena itatu.

Chachisanu ndi chimodzi: paulendo ndi kunyumba

Nthenga zikanyowa sizitenthetsa, choncho m'chikwama thumbalo likhale m'pulasitiki yolimba yomanga pakamwa, ngakhale kumwamba kukuoneka koyera, ndipo ngati mwapereka katundu kwa mapota a ku Likhubula muwauze kuti limenelo lisanyowe. Pansi muyale kamatiresi, chifukwa nthenga zomwe mwagonera zimaphwatalala ndipo kuzizira kumachokera pansi. Mukafika pa kanyumba litulutseni msanga lifufume, koma kutali ndi moto, kamoto kamodzi kothetheka kamaboola nsalu. Mukabwerera kunyumba liyanikeni tsiku lonse, kenako mulisunge momasuka mu pilokesi yaikulu kapena pamwamba pa wadiropu, osati m'kathumba kake kokanikiza kaja, komanso kutali ndi makoswe.