Momwe mungagwiritsire ntchito makaundula a kuchipatala kuti mudziwe amene akusowa thandizo la maso

Kuno ku Zambia, mwezi ukatha, kiliniki iliyonse imatumiza ziwerengero ku ofesi ya zaumoyo ya boma lake, ndipo zimalowa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti. Malo ambiri alinso ndi SmartCare, momwe mumalembedwa mbiri ya wodwala aliyense. Ndiye m'chigawo chathu cha Kum'mawa zolembedwa zilipo mulu, kuchokera ku zipatala za Chipata Central, ku Mwami, ku St Francis ku Katete mpaka ku timakiliniki ta kumidzi. Chimene chimasowa ndi munthu wokhala pansi n'kuzifunsa funso. Ngati ndinu namwino wa maso, kalaliki wa zolemba kapena wophunzira amene akufuna mutu wa kafukufuku, njira yake nayi.

Choyamba: khalani ndi funso limodzi

Musanatsegule kompyuta, lembani funso papepala. Likhale laling'ono ndi loyankhika: "Kodi ndi maboma ati amene akutumiza anthu ochepa ku opaleshoni ya ng'ala?" kapena "Pa odwala shuga amene timawaona, ndi angati anapimidwa maso chaka chatha?" Funso lakuti "matenda a maso kum'mawa ali bwanji" likumizani.

Chachiwiri: pemphani chilolezo

Izi ndi mbiri za anthu, si chimanga cha m'nkhokwe yanu. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika zokhudza umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kutetezedwa kwambiri, ndipo kafukufuku wa zaumoyo amafunika kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofufuzidwa komanso National Health Research Authority. Yambirani kwa mkulu wa chipatala ndi ku ofesi ya chigawo. Mayina, manambala a chitupa cha NRC ndi a foni achotsedwe, wodwala aliyense apatsidwe nambala yachinsinsi. Ndipo chonde, fayilo yotere siyenda pa WhatsApp.

Chachitatu: petani

Apa ndiye pali ntchito yonse, ndipo ndi pomwe ambiri amathawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi kubwereza. Kwathu kuno a Phiri, a Banda, a Tembo ndi a Zulu ndi osawerengeka, moti mutha kuphatikiza anthu awiri kukhala mmodzi, kapena kugawa gogo mmodzi kukhala atatu chifukwa anapita ku kiliniki ya kwawo, kenako ku chipatala cha boma, kenako ku Chipata. N'chifukwa chake amene ali ndi chilolezo choona mayina ayenera kugwirizanitsa mizere imeneyi asanachotse mayinawo, poyang'ana mudzi, mfumu ndi chaka chobadwa.

Kenako sankhani: mukuwerenga maso kapena anthu? Munthu ali ndi maso awiri. Wina angachitidwe diso lamanja mu Epulo, lamanzere mu Ogasiti. Ndi maopaleshoni awiri, koma munthu mmodzi. Mukasakaniza, lipoti lidzaoneka lokoma kuposa zenizeni.

Yang'ananinso zaka. Okalamba ambiri sadziwa chaka chenicheni chimene anabadwa, ndiye wolemba amangoti 60 kapena 70. Mudzaona chulu pa manambala amenewo. Musadabwe, ikani anthu m'magulu a zaka khumikhumi.

Chomaliza ndi mawu. Pa ng'ala wina alemba "cataract", wina chidule, wina nambala ya ICD-10, mndandanda wa padziko lonse wopatsa matenda manambala (H25 ndi ng'ala ya ukalamba, H40 ndi glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso). Zonse zilowe m'dzina limodzi. Pomwe palibe cholembedwa pasiyeni popanda kanthu, osaikapo 0, chifukwa "sitinapime" ndi "tinapima sitinapeze" ndi nkhani ziwiri.

Chachinayi: gawani ndi chiwerengero cha anthu

Nambala payokha imanama. Chipata nthawi zonse idzaoneka ndi odwala ambiri kuposa Vubwi, poti anthu ake ndi ambiri. Tengani ziwerengero za kalembera wa 2022 ku ZamStats, bungwe la boma loona za ziwerengero. Chigawo chathu chinapezeka ndi anthu opitirira 2.4 miliyoni. Akatswiri a maso amawerenga maopaleshoni a ng'ala pa anthu miliyoni imodzi pachaka. Tiyerekeze boma lili ndi anthu 250,000 ndipo maopaleshoni a anthu ake ndi 100: ndiye kuti ndi 400 pa miliyoni.

Werengani potsata kumene wodwala amakhala, osati kumene anachitidwira. Mwami ili pafupi ndi malire a Mchinji, Katete ndi Chadiza zayandikana ndi Mozambique. Matenda sadziwa pasipoti, koma masamu anu ayenera kudziwa, apo ayi mudzaganiza kuti anthu a dera lanu athandizidwa pomwe ena mwa iwo anali alendo.

Chachisanu: funani amene sanabwere

Kwa ine apa ndiye pali phindu lenileni. Kaundula amangodziwa amene anafika pakhomo la chipatala. Gogo amene akutsogoleredwa ndi mdzukulu ndi ndodo m'chigwa cha Luangwa, ku Mambwe kapena ku Chama, mu kompyuta mulibe. Boma likaoneka ndi odwala maso ochepa, sikuti maso a kumeneko ndi akuthwa. Mwina ndi mtunda, ndalama ya galimoto, kapena mantha akuti opaleshoni imaphulitsa diso.

Ndiye gawani ziwerengero zanu patatu. Amuna ndi akazi: akazi okalamba ndi ochuluka, choncho ngati amuna ndiwo adzaza mndandanda wa opaleshoni, pali amene akutsalira kunyumba. Miyezi: onani ngati anthu amachepa nthawi ya dzinja misewu ikaduka, n'kuchuluka akagulitsa mtedza ndi soya. Ngati zili choncho, ulendo wa madokotala kumidzi mwaudziwa kale mwezi wake. Mtunda: ikani makiliniki pa mapu, muone pomwe makalata otumiza odwala amathera.

Kuti mudziwe kukula kwenikweni kwa khungu m'midzi pamafunika kafukufuku wa khomo ndi khomo, monga wotchedwa RAAB amene amapima anthu a zaka 50 kupita m'mwamba. Trachoma, matenda opatsirana a maso, nayo imawerengedwa chomwecho: dera limayesedwa kuti lagonjetsa gawo loyamba la matendawa ngati ana a zaka 1 mpaka 9 amene ali nalo sakufika 5 pa 100 alionse. Anansi athu a ku Malawi anavomerezedwa ndi WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, mu 2022 kuti trachoma si vuto la dziko lonsenso, ndipo umboni wake unali manambala otere.

Chachisanu ndi chimodzi: kodi akuona?

Kuwerenga maopaleshoni n'kosavuta, ndipo kumasangalatsa mabwana. Koma funso la wodwala ndi lakuti kodi atha kusankha mtedza ndi kuwerenga Baibulo lake. Mu 2021 mayiko a mu WHO anagwirizana kuti pofika 2030 aziyeza thandizo la ng'ala ndi la magalasi potengera anthu amene akuonadi bwino atathandizidwa, ndipo pa ng'ala muyezo wake ndi 6/12 pa tchati cha zilembo chopimira maso, kutanthauza kuwerenga pa mamita 6 zimene diso labwino limawerenga pa mamita 12. Khungu limayambira pa kuona kosafika 3/60, kutanthauza kulephera kuona pa mamita 3 zimene diso labwino limaona pa mamita 60. Choncho fufuzani ngati kuona kwa wodwala kunalembedwa asanachitidwe komanso atabweranso patapita masabata. Mukapeza kuti ambiri sanabwerenso, lembani zimenezo momwe zilili. Nachonso ndi chotsatira.

Chomaliza: bwezani kwa eni ake

Lipoti la masamba 40 lidzagona mu kabati. Konzani tsamba limodzi: mapu, manambala atatu, ndi chinthu chimodzi choti chisinthe. Pitani nalo ku msonkhano wa boma wounika ntchito, ndipo perekaninso kwa anamwino amene analemba makaundulawo ndi kwa odzipereka a m'midzi, m'Chichewa. Mudzi umene uli ndi odwala awiri kapena atatu okha musautchule dzina, anthu angawazindikire. Pakatha miyezi 6, tsegulaninso fayilo ija ndi funso lomwe lija.